Bowa wa Kunsi kwa Mlatho wa a Luhanga

A Amock Luhanga anali mmisiri wa matabwa wa m'mudzi wina kumtunda kwa Njakwa. Ntchitoyi anaiphunzira ku mishoni ali mnyamata, kenako anakakhalitsa kumacheka a ku Chikangawa, ndipo anabwerera kwawo nthawi imene dziko linkayamba kumene ndale za zipani zambiri. Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo amene pensulo sinkachoka kukhutu kwake ngakhale pa tsiku la mgonero. Zitseko, mabenchi a m'tchalitchi, mabokosi a maliro, zonse za m'deralo zinkatuluka pansi pa chisakasa chawo. Koma chimene anthu ankawadziwa nacho kwambiri chinali mlatho.

Pakati pa mudziwo ndi msewu waukulu pali kamtsinje ka Chizawula, koyenda m'chigwembe chakuya cha miyala yokhayokha. M'chilimwe ana amakalumpha akusewera, koma m'dzinja kamatenga ng'ombe. Kale mabelo a fodya ankawoloka pamenepo pamutu, ndipo odwala ankawoloka pa machira. A Luhanga atabwerera kumudzi anasonkhanitsa amuna, nadula mitengo ikuluikulu ya bulugamu, naikoka ndi ng'ombe, naigoneka pa zipilala za miyala. Nsonga zake anaziwaula pamoto n'kuzipaka oilo wakuda kuopa chiswe, ndipo pamwamba anakhomerapo matabwa okhuthala. Kuyambira pamenepo ngolo ndi malole zinayamba kufika m'mudzi. Dzina lina mlathowo unalibe, aliyense ankangoti mlatho wa a Luhanga.

Za ndale iwo analibe nazo ntchito, koma ndale sizifunsa ngati munthu ali nazo ntchito. Mlamu wawo, a Hezron Msiska, mlongo wa akazi awo a NyaMsiska, anali wapampando wa chipani china m'deralo. Chaka china a Hezron anapempha mabenchi a m'tchalitchi kuti akakhalepo alendo a pamsonkhano, a Luhanga n'kukana, amvekere mabenchi a Mulungu sapita kukampeni. Kuyambira tsiku limenelo anthu anawaika kuchipani chinacho, ngakhale kuti chipani chinachonso akanachikaniza chimodzimodzi. Alamu awiriwa ankapatsanabe moni, koma moni wake wouma.

Chaka cha chisankho chotsatira mvula inachedwa kusiya. Pa tchuthi cha Pasaka kunabwera mwana wawo woyamba, wamkazi, Lusungu, amene ankaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina ku Rumphi Boma. Lusungu anali ndi chizolowezi choyenda ndi thumba, kutola ndere, bowa ndi tizilombo zoti akaonetse ana a sukulu. Tsiku lina masana anatsikira kunsi kwa mlatho kukafuna zoterezi, ndipo anabwerako msanga, thumba lili lopanda kanthu, m'dzanja atafumbata kachibenthu ka mtengo.

Anawapeza bambo ake akupala thabwa. "Adada, taonani ichi. Ndachibenthula kunsi kwa mitengo ya mlatho."

A Luhanga anapukuta manja nalandira. Pa kachibenthuko panamatirira chinthu chopyapyala, choyera mopita kuchikasu, chosalala ngati laimu wouma pakhoma, m'mphepete mwake muli timaubweya ngati thonje. Chinalibe tsinde, chinalibe kachipewa, chinangoyala pamtengopo ngati nkhanambo. Anachinunkhiza, namva fungo la m'thengo mvula itangokata. Anabweza kwa mwana wawo n'kunena kuti zimenezo anaziona kambirimbiri pa zipika za ku Chikangawa, ndi litsiro la chinyontho basi, adzakapala ndi mpeni n'kupakapo oilo.

Lusungu anakhala pa mulu wa matabwa, nayamba kufotokoza mwaulemu, koma mosabwerera m'mbuyo. Anati chimenecho si litsiro, ndi chamoyo, mtundu wa bowa, mbale wake wa nkhowani, bowa wodya uja amene amayi ake ankazula m'thengo, ndiponso wa chuku chimene chimamera pa buledi. Bowa si chomera, anatero, alibe masamba, sapanga chakudya chake ndi dzuwa. Amadya zopangidwa kale ndi zina, ndipo ameneyu chakudya chake ndi mtengo wakufa. Chimene chikuoneka panjapo si thupi lake ayi, ndi pobalira pokha. Thupi lenileni ndi tiulusi tosaoneka bwino ndi maso, timene timalowa m'kati mwa mtengo n'kuyanga ponseponse. Nkhanamboyo ikamatulukira kunja ndiye kuti m'katimo mwadyedwa kale kwa zaka.

"Mitengo ija ndinaisankha ndekha," anatero a Luhanga. "Iwe unali ku pulayimale."

"Sindikunena kuti munasankha molakwa, adada. Ndikunena kuti chadya."

A Luhanga anatolanso chopalira chawo. Anabwerera pa thabwa lawo n'kumalipala, kulipala, mpaka linapyapyala kupitirira muyeso, analiponya pambali. Pa moyo wawo wonse adani a mtengo ankawadziwa: chiswe chimene chimasiya dothi, ndi tizilombo tofumbwitsa timene timasiya ufa. Kuola ankakutenga ngati ntchito ya madzi, yoyambira kunja ndi kunsonga, kumene iwo anatchinjiriza bwinobwino. Zoti mtengo ungathe m'kati kunja kuli gwa, ndipo wowauza n'kukhala mwana amene anamunyamulapo pamapewa, zinawakhala pakhosi.

M'mawa mwake anatenga hamala ndi tchizulo, natsikira kumtsinje okha osauza munthu. Kunsi kwa mlatho kunali kozizira ndi kwamdima pang'ono, madzi akudontha m'mipata ya matabwa ngakhale mvula sinagwe usiku umenewo. Atazolowera mdimawo anakweza maso. Nkhanambo zija zinali zitayala kunsi kwa mitengo ya mbali ya kumunsi kwa mtsinje, zina zazikulu ngati lichero, zina zitalumikizana kuchokera ku chipilala china mpaka pakati. Anagogoda mtengo wa kumtunda, unalira ngwe, monga ulirira mtengo wamoyo wake. Anagogoda wa kumunsi, unangoti phu, ngati wamenya thumba la gaga. Anaika tchizulo n'kumenya kamodzi kokha, tchizulo inalowa mpaka m'chigwiriro. Atazula, munatuluka zoyera zanyepenyepe ngati nzimbe yotafunidwa kale. Anazifinya m'dzanja, zinatuluka madzi.

Anayesa malo ena, ndi ena, akuyembekeza kuti penapake tchizulo ikana. Inakana pa mitengo ya kumtunda yokha.

Ali pomwepo anamva mabelu a ng'ombe ndi kulira kwa mateyala. Ngolo yodzaza ndi chimanga inali kutsetserekera pamlatho. Anafuna kukuwa, koma anadziwa kuti mawu otuluka pansi angadzidzimutse ng'ombe n'kugwera nayo ngolo m'chigwembe. Anangoima chilili, msana atatsamira chipilala, maso ali pamtengo wodyedwa uja. Ziboda zinagunda pamwamba pa mutu wawo. Mtengowo unawerama pang'onopang'ono ngati munthu wotola kanthu pansi, mabowo a tchizulo aja n'kuyamba kutulutsa madzi, timadothi tikuwagwera kumaso. Ngolo itadutsa, mtengowo unabwerera, koma osafika pamene unali. Woyendetsa ngoloyo anapitirira akuimba mluzu, osadziwa kanthu.

A Luhanga atafika kunyumba anamupeza Lusungu akuchapa. Anakhala pa chitsa pafupi naye, nati, "Tandiuzanso, mama. Chimadya bwanji chopanda mano?"

Lusungu anafotokoza kuti tiulusi tija timatulutsa timadzi tosungunula mtengo, ndiye timayamwa zosungunukazo. Chimagaya chakudya kunja kwa thupi lake, n'chifukwa chake sichisiya ufa kapena una ngati tizilombo. Chimayamba ndi chimene chimalimbitsa mtengo, n'kusiya zoyera zofewa zija. M'nkhalango imeneyo ndi ntchito yabwino, popeza pakanapanda bowa mitengo yakufa ikanangounjikana osasanduka nthaka. Koma bowa sadziwa kusiyanitsa chipika cha m'thengo ndi mlatho. Atafunsidwa kuti chinabwera ndi ndani, anati palibe anachibweretsa: nkhanambo ija imawaza timbewu tochepetsetsa kuposa fumbi, timene timayenda ndi mphepo, ndipo tikagwera pa mtengo wosauma timamera. Apa a Luhanga anakumbukira dothi limene anthu anathira pamwamba pa matabwa zaka zapitazo kuti ngolo zisamagwedezeke. Dothilo linkasunga madzi chaka chonse.

Anafunsa ngati pali mankhwala. Lusungu anapukusa mutu. Kuuma kumachiimitsa, anatero, koma chimene chadyedwa chadyedwa.

Lamulungu lotsatira, zolengeza zitatha, a Luhanga anaimirira m'tchalitchi n'kuuza anthu kuti mlatho watha, ngolo ndi magalimoto zisiye kuwolokapo mpaka mitengo isinthidwe. Anthu anayang'anana. Fodya anali atauma m'zigafa, malole oti adzamunyamule anali atapanganidwa kale, ndipo kampeni inali itafika pachimake. Panja, a Hezron anaseka mokweza n'kufunsa ngati bowa wodya mlathoyo angakomere nsinjiro. Anawonjeza kuti munthu wawo akapambana adzamanga mlatho wa simenti, ndipo mwina alamu akufuna kupezeratu ganyu simentiyo isanawalande ntchito. Ena anati nkhaniyi ndi ya ndale, cholinga ndi choti alendo a chipani asafike m'mudzi. Akomiti ya chitukuko anagamula kuti aziona fodya akagulitsidwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsikira kunsi kukaona.

Lusungu anabwerera ku Boma sukulu zitatsegulidwa. A Luhanga anapingasa mtengo pakhomo la mlatho, kusiya mpata wa oyenda pansi ndi njinga. Kutacha anaupeza uli m'madzi. Anaikanso wina, nawonso unatsatira unzake. Ngolo zinapitiriza kuwoloka, ndipo nthawi iliyonse akamva mabelu a ng'ombe ali pachisakasa, ankaimitsa sowo n'kumvetsera mpaka phokosolo litafika tsidya lina. Chakudya chinasiya kuwalowa. A NyaMsiska anali pakati ngati chala cholumidwa ndi mano a mwini wake, uku mwamuna, uku mlongo, ndipo m'nyumbamo nkhani ya mlatho inasiya kutchulidwa.

Tsiku la msonkhano waukulu wa chipani cha a Hezron ku Boma, lole inalowa m'mudzi dzuwa litangotuluka. A Luhanga anaimva ili kale pamlatho, ndipo pamene ankathamangira kumeneko inali itawoloka, ikukwera chitunda. Inawoloka yopanda katundu. Anadziwa kuti pobwerera idzakhala itadzaza anthu.

Anaunguza mtengo wopingasa, koma anaona kuti akauika anthu angouchotsa ngati kale. Choncho anapita pakati pa mlatho, nakhala pansi, miyendo atatambasula, tchizulo ili pamiyendo. Anakhala pamenepo dzuwa likukwera, amayi opita kudimba akuwalambalala mowayang'ana cham'mbali.

Nyimbo zinamveka lole isanaoneke. Kenako inatulukira pa chitunda, itadzaza mpaka m'mbali, amayi atavala nsalu za chipani, anyamata atakhala pa zitsulo miyendo ili lendelende kunja, ng'oma ikulira pakati. A Luhanga anayesa kuyerekeza kulemera kwake, mutu unakana. Pakati pa maduku onsewo anazindikira duku lobiriwira la akazi awo. A NyaMsiska anali atawauza kuti apita kukathandiza mlongo wawo kuphikira alendo, koma sananene kuti alendowo ali ku Boma.

Lole inaliza hutala, inalizanso, kenako inaima mateyala akutsogolo atatsala pang'ono kugunda thabwa loyamba. Nyimbo inaduka. Anyamata anadumpha n'kuwazungulira, wina anawagwira mkono, wina anawalanda tchizulo n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione. A Hezron anatsika kutsogolo, jekete ili paphewa, nkhope itachita mdima.

"Alamu, dzukani. Mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu anga."

"Mlongo wanu ali m'galimotomo," anatero a Luhanga.

A Hezron anati nthawi yatha, ndipo ngati sadzuka okha anyamata awanyamula. Anyamata aja anayambadi kuwakoka. A Luhanga anakola mwendo ku mtengo wa m'mphepete, malaya n'kung'ambika paphewa. Pamwamba pa lole ena ankakuwa kuti achotsedwe, ena kuti asiyidwe ndi munthu wamkulu. Injini inali ikulirabe, ndipo iwo ankamva kunjenjemera kwake m'matabwa amene anakhalira.

Anatembenukira kwa dalaivala. Ameneyu anali Willie, mnyamata wa ku Dedza wolembedwa ntchito ndi mwini lole ku Mzuzu, ndipo Chitumbuka chimene chinkalankhulidwa pamenepo ankangotolapo mawu amodziamodzi. A Luhanga anamulankhula m'Chichewa, mokweza kuti amve pa phokoso la injini. "Adalaivala, ine sindikukuletsani ulendo. Tsikani muone kunsi kuno ndi maso anu. Mukapeza kuti ndikunama, ndidzuka ndekha."

Willie anayang'ana a Hezron, amene anamukodola kuti ayendetse. Anagwira giya. Pamenepo kumbuyo kwa lole kunachitika kaphokoso: a NyaMsiska anali akutsika, akupondera pa teyala, amayi anzawo akuwagwira nsalu kuti abwerere. Anafika pansi, nayenda mosafulumira kudutsa pakati pa anyamata aja, n'kukaima pafupi ndi amuna awo. Sanayang'ane amuna awowo, anayang'ana mlongo wawo.

"Bambo awa ndakalamba nawo," anatero. "Sindinawaonepo atakhala pamsewu ngati wamisala. Ine sindikweranso."

Willie anazimitsa injini. Anatenga sipanala yaitali kuseri kwa mpando n'kutsetserekera kunsi yekha. Pamwamba panali zii, kumangomveka madzi. Anthu anamva kugogoda, kenako kugogoda kwina kosamveka bwino, kenako chete. Atatulukira, sipanala inali itamatirira zoyera mpaka pakati, ndipo iye ankapukuta dzanja pa buluku mobwerezabwereza. Anati aliyense atsike. A Hezron anayamba kunena za nthawi ndi za amene walipira ulendowo, koma Willie anazula kiyi n'kuika m'thumba.

Anthu anatsika akung'ung'udza, nawoloka wapansi m'timagulu, a Luhanga akuwalozera mbali ya kumtunda. Ena ankapondetsa dala mwamphamvu n'kumaseka kuti mlatho uli bwinobwino. Onse atafika tsidya lina, panatsala lole.

A Luhanga anamulangiza Willie kuti aisiye kaye m'mudzi mpaka mitengo isinthidwe. Willie anati akatero ntchito yamuthera, ndipo njira ina yotulukira kunalibe. M'mawa inadutsa, anatero, idutsanso. Ataona kuti sasintha maganizo, a Luhanga anatuma anthu kukatenga matabwa aatali kuchisakasa, nawagoneka motsatira mitengo yolimba. Koma lole ndi yotakata. Mateyala a mbali imodzi akakhala pa mitengo yabwino, a mbali inayo ankayenera kuponda yodyedwa. Anayala matabwa owirikiza mbali imeneyo, nauza Willie kuti ayende pang'onopang'ono, asaime, ndipo ayang'ane manja awo okha.

A Luhanga anaima kutsogolo kwa lole, nayamba kuyenda chafutambuyo, manja ali m'mwamba. Mateyala akutsogolo anakwera, matabwa analira, mlatho unagwira. Anakodola. Lole inasendera, inasenderanso, mpaka mateyala akutsogolo anayandikira tsidya. Akumbuyo anali atafika pakati. A Luhanga ankayembekeza kuti ngati mtengo uthyoka amva kulira kwake, koma sunalire. Unangofwamphuka mwakachetechete ngati chinangwa chovunda, ndipo iwo anaona denga la lole likupendekera kumunsi kwa mtsinje. Amayi anakuwa. Willie anaponda mafuta ndi mphamvu zonse, lole inabangula n'kudumphira kutsogolo. A Luhanga analumphira kumbali kuti isawagunde, koma thabwa limene anapondapo linali litatukuka kale. Linawaponyera kunja kwa mlatho, nagwera pa miyala ya m'chigwembe.

Lole inafika tsidya lina ndi mateyala onse. Kumbuyo kwake theka la mlatho linali lendelende, matabwa akugwera m'madzi limodzilimodzi.

Anawatulutsa m'chigwembemo ali maso, ntchafu itathyoka, osabuula. Anawagoneka m'lole momwemo pa nsalu za chipani zimene amayi anavula n'kuyala, mutu uli pamiyendo ya akazi awo. Ulendo wonse wa ku Boma ng'oma sinalire. Lole inayamba yaima pachipatala, kenako inapitiriza kumsonkhano ndi amene anali ndi mtima wopitabe.

Akanakhala kuti mavuto anathera pa mwendo, bwenzi zili bwino. Koma ali chigonere m'chipatala, mwendo atauimika ndi zitsulo, kumudzi kunabuka nkhani ina. Anthu amene anapita kukaona mitengo yothyoka anapeza mabowo a tchizulo, ndipo ambiri anali ataiona tchizuloyo m'manja mwawo tsiku lija. Zinayamba kumveka kuti a Luhanga anachita kuuboola mlathowo kuti msonkhano ulephereke. Amene anayambitsa sanadziwike, koma a Hezron atafunsidwa sanatsutse. Masana ena wapolisi anafika pa bedi lawo, nakoka mpando, n'kuwafunsa ngati mabowo aja anaboola ndi iwo. Anavomera. Anawafunsa ngati anachita zimenezo mlatho usanagwe. Anavomeranso. Wapolisiyo anati kuwononga chinthu cha anthu onse ndi mlandu waukulu, makamaka nyengo ya chisankho, ndipo adzabweranso. Odwala a m'mabedi oyandikana anatembenukira kukhoma.

Masiku amenewo a Luhanga sankagona tulo tabwino, usiku ngakhale masana. Phazi lililonse la nsapato zolimba m'khonde linkawadzutsa. Chimene chinkawawawa kuposa fupa chinali choti anthu amene anawapangira zitseko, amene anawaikira abale awo m'mabokosi osalala, akanatha kukhulupirira kuti iwo angaboole mlatho wawo womwe.

Lusungu anapita kumudzi Loweruka, natsikira m'chigwembe ndi chikwanje, n'kudula chigawo cha mtengo wothyoka chimene chinalibe bowo la tchizulo ngakhale limodzi. Anachinyamula m'ndowa pa minibasi mpaka kupolisi. Kumeneko anachiika patebulo, naonetsa nkhanambo ya kunsi, kenako anapempha wapolisi uja kuti alowetse chala m'kati. Chala chinalowa. Anafotokoza zomwe anafotokozera bambo ake, ndipo anawonjeza kuti tchizulo imaboola pamene yamenyedwa pokha, siingafewetse mtengo wonse kuchokera nsonga ina kufika ina. Willie naye, atapezeka ku Mzuzu, ananena zimene sipanala yake inapeza, ndi kuchuluka kwa anthu amene anali m'lole. Wapolisi sanabwerenso kuchipatala. Nkhaniyo sinafike kukhoti, koma sinafenso. Mpaka lero alipo ena kumudziko amene amaitchula mowa ukawalowa.

A Luhanga anatuluka m'chipatala chisankho chitadutsa, mwendo umodzi utafupika, akuyenda ndi ndodo. Fodya wa chaka chimenecho anawoloka Chizawula pamutu, belo limodzilimodzi, ndipo mayi wina woyembekezera anawolotsedwa pa machira. Za simenti sizinamvekenso. Dzinja lina litayandikira, akomiti anabwera pachisakasa, zipewa zili m'manja, kudzapempha kuti awatsogolerenso pomanga mlatho. Anawabweza. Anabweranso ndi abusa, ndipo ulendo uno a Luhanga anavomera, koma ananena zawo momveka. Mitengo isendedwe makungwa n'kuumitsidwa pamthunzi, pamwamba pa miyala, chilimwe chathunthu, ngakhale zitanthauze dzinja lina lopanda mlatho. Matabwa akhomedwe motalikirana kuti madzi azidutsa ndi mphepo izilowa. Dothi lisathiridwenso. Mvula ikatha chaka chilichonse, anthu awiri azitsikira kunsi ndi hamala. Ndipo anawauziratu kuti ngakhale atachita zonsezi, mlatho wa mitengo udzadyedwabe tsiku lina, chifukwa mbewu za bowa zili mumphepo imene onse akupuma. Chimene angathe ndi kuuchedwetsa ndi kuudziwa nthawi isanathe.

Anadikiradi. Mitengo itauma panatsala kuikokera kumtsinje, ndipo ng'ombe zamphamvu zokwanira ntchito imeneyo m'mudzi monse zinali za a Hezron. Akomiti ankakankhirana, palibe amene ankafuna kukapempha. A NyaMsiska anati iwo pakati pa anthu awiriwo anachokapo, asawatume. A Luhanga anangoti tsiku lifike, anthu adzakoka ndi zingwe.

M'mawa wa tsikulo amuna anasonkhana pamene panali mitengo, a Luhanga atakhala pampando umene anawanyamulira. Akumanga zingwe, ng'ombe zinayi zinatulukira m'njira ya kudambo zili m'magoli, ndipo wozitsogolera anali a Hezron eni ake, atavala gambutsi, chikwapu chili m'manja. Anthu anasiya zingwe. A Hezron anaimitsa ng'ombe pafupi ndi mtengo waukulu koposa, nayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina woti alankhule naye, koma aliyense anali atayang'ana pansi.

"Tiyambe ndi uti, alamu?" anafunsa.

A Luhanga analoza ndi ndodo. "Uwo. Tcheni mumange kutsinde, osati kunsonga."

A Hezron anawerama n'kumanga kutsinde.